Mkaka wa Kuntchito

"Kodi mwana wangayu mwamudyetsa chiyani?"

Apongozi anafunsa ali chiimire pakhomo la kuchipinda, chikwama chikadali paphewa. Mwana wawoyo, bambo wa zaka makumi anayi, anali atazolika mutu m'beseni, ndipo mkazi wake anali atamugwira pachipumi ndi dzanja limodzi, linalo likumusisita msana. Funsolo linangoima pomwepo ngati mlendo amene sanapatsidwe mpando.

Pamdadada wonse wa nyumba zosanjikizanazo mkaziyo ankadziwika ndi dzina loti Sizasi, chifukwa ankasoka zovala pakhonde, komanso chifukwa cha pakamwa pake. Mwamuna wake ankatchedwa Nsikidzi. Ntchito yake inali yopopera mankhwala m'nyumba za anthu, m'mahotela ndi mosungira katundu, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ankati bola Nsikidzi kusiyana ndi Mphemvu.

Yankho la funso lija linalipo: mpunga ndi nyemba, mbale imodzi ndi mkazi wake. Koma Sizasi anali atakhala pabanja zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana, ndipo ankadziwa kuti mafunso ena a apongozi safuna yankho, amafuna mboni.

Kusanzako kunayamba dzulo lake madzulo, Nsikidzi atangofika kuchokera kuntchito. Poyamba zinatuluka zimene anadya. Kenako madzi. Tsopano ankangotulutsa ndulu, malovu akuyenderera osaleka, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali kozizira. M'chipindamo munkamveka kafungo ngati ka adyo, chikhalirecho Sizasi anali asanakhudze adyo sabata yonse.

Apongozi anavula nsapato, n'kukhala pamphepete pa bedi, mbali imene Sizasi ankagona. Sizasi atabweretsa kapu ya tiyi wopanda mkaka, iwo anailandira, anainunkhiza, n'kuiika pansi pafupi ndi mwendo wa bedi. Atabweretsa kampunga kofewa, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ikani apo," anatero. "Adya akafuna."

Mbaleyo inazizira pomwepo.

Dzuwa litakwera kunamveka odi waulemu kwambiri. Anali a Kapitawo, amene ankayang'anira gulu la opopera. Anali munthu wa malaya osita bwino ndi mawu ofewa, ndipo anali atanyamula katoni pachifuwa ngati mwana.

"Alamu, tamva za mnzathu. Tati tisabwere chimanjamanja."

M'katonimo munali mapaketi khumi ndi awiri a mkaka. Sizasi ankaudziwa mkakawo. Kuntchito kwa mwamuna wake aliyense ankalandira paketi imodzi akaweruka, ndipo ankamwa asanavule n'komwe ovololo.

"Zimachitika izi, amayi, musade nkhawa," a Kapitawo anauza apongozi. "Mankhwala akalowa m'thupi, sopo wake ndi mkaka. Ine zaka makumi awiri ndili pa mkaka. Mukundiona ndikudwala?"

Apongozi anatenga paketi imodzi, anaitembenuza uku ndi uku, anaifinya pang'ono kuti aone ngati ikudontha.

"Yosatsegula," anatero, maso ali kumbali. "Muno simunalowe dzanja la munthu."

Anadula okha pakona ndi mano, n'kuthira m'kapu imene anatsuka okha. Nsikidzi anayang'ana kapuyo ngati munthu amene akuyang'ana phiri. Kenako anayang'ana a Kapitawo, n'kumwa yonse. Sipanathe mphindi khumi, mkakawo unabwerera utaundana zibumazibuma, ndipo anakokoka mpaka misozi.

"Eya, ukutsuka umenewo," a Kapitawo anatero mokhutira. "Pitirizani. Akasanza, wina. Akasanza, wina."

"Nanga kuchipatala?" Sizasi anafunsa. "Si kutali, n'kuseri kwa msika pompa."

"Kumeneko musavutike nako, alamu. Akangomva za mankhwala amayamba mafunso. Mafunso amabala mapepala, mapepala amabala loko pageti. Anthu khumi ndi awiri amadyera pamenepaja, kuphatikizapo inu." Anamwetulira. "Kapena ndikunama, Nsikidzi?"

"Simukunama," linatero liwu la m'beseni.

A Kapitawo atapita, Sizasi ananyamula beseni kukataya. Pampopi wa pansi pa masitepe anapeza mayi wachikulire wa nyumba yapansi akutsuka mabotolo. Mayiyo anakolopa m'chipatala zaka makumi awiri ndi zisanu, choncho mdadada wonse unkawatchula kuti a Dokotala. Iwo sankakana. Ankati madokotala enieni ankadutsa m'wodi kamodzi patsiku, pomwe iwo ankakhalamo tsiku lonse, ndiye wodziwa ndani.

Anasuzumira m'beseni asanapemphedwe.

"Mukumupatsa mkaka munthu wosanza? Mwanawe, wapenga?"

"Wachokera kuntchito."

"Ngakhale uchokere kumwamba. Mimba yokwiya siifuna mkaka, siifuna mafuta, siifuna chokazinga. Tiye ndikamuone."

Anakwera masitepe akupumira pa sitepe iliyonse yachitatu. M'chipinda anapereka moni kwa apongozi mwaulemu wonse, kenako anakoka katani kuti mulowe kuwala, n'kutsegula chikope cha wodwalayo ndi chala. Sizasi anawerama nawo. Kamwana ka diso kanali katachepa ngati kamutu ka phini, ndipo pansi pa diso mnofu unkadumphadumpha wokha.

A Dokotala anatuluka ndi Sizasi pakhonde.

"Ameneyu ndi wa kuchipatala. Lero, osati mawa. Ndipo akakufunsa dzina la mankhwala amene anapopera. Ukulidziwa?"

"Ayi."

"Lifufuze. Ine ndakolopa pansi pa mabedi a anthu a maso amenewo."

Sizasi anabwerera m'chipinda n'kunena zimenezo. Apongozi anati iwo sanamvepo kuti wokolopa angapose munthu amene wagwira mankhwalawo zaka makumi awiri. Nsikidzi anamukodola mkazi wake kuti asendere pafupi.

"Mayi, amene anandilowetsa ntchito ndi a Kapitawo," ananong'ona. "Mukanditengera kumeneko, mwatengera ndi ntchito yomwe. Ndipatseni masiku awiri."

"Nanga munapopera chiyani, bambo?"

"Wofiira."

"Dzina lake?"

"Timangoti wofiira."

A Dokotala ataona kuti munthu sanyamulidwa, anapukusa mutu n'kukhala pampando wa makina osokera.

"Chabwino. Poti mwasankha kuuma mutu, bola asaume thupi. Wiritsa madzi, azizire, adzaze botolo la lita. Shuga masupuni aang'ono asanu ndi imodzi, osachita mulu. Mchere theka la supuni. Ulawe, asapose misozi. Akasanza, musiye kaye mphindi khumi kapena kuposa, mimba ikhale pansi. Kenako supuni imodzi. Dikira. Ina. Osati kapu, wamva? Kapu ndi ya anthu amoyo wabwino. Akasunga zimenezo maola angapo, madzi a mpunga. Akasunga amenewo, buledi wouma wopanda kanthu, kapena nthochi yakupsa. Koma zonsezi n'zongomugwirizira. Mankhwala ali m'magazi sachoka ndi nthochi."

Vuto linali lakuti chilichonse chochokera m'manja mwa Sizasi chinkathera pansi pa bedi. Anaganiza pang'ono, kenako anatenga botolo, shuga, mchere ndi supuni, n'kukaziika pamiyendo pa apongozi ake.

"Amayi, manja anga akunjenjemera. Mundiyezere ndinu."

Apongozi anamuyang'ana, anayang'ana shuga, n'kunyambita kambewu kamodzi. Anayeza okha, anakhutchumula okha. Sizasi anamwa supuni yoyamba iwo akuona, ndipo yachiwiri inapita kwa Nsikidzi. Anachita choncho mpaka masana: ina mkazi, ina mwamuna, ngati mbalame ziwiri. Zina zinkabwerera, zina zinkakhala. Za mkaka, apongozi anati aupumitse kaye, osati chifukwa cha wokolopa uja ayi, koma kuti usathe msanga.

Dzuwa litapendeka Sizasi anavala nsapato n'kupita kuntchito kwa mwamuna wake. Malowo anali kuseri kwa shopu ya matayala, geti yamalata, bwalo la simenti yong'aluka. Pakhoma panali misomali, ndipo pa msomali uliwonse panapachikidwa pampu yopopera ndi ovololo youma gwa. Pakona panali sinki yopanda sopo. M'kachipinda kopanda windo munali zigubu zisanu ndi chimodzi zabuluu. Mapepala a pazigubuzo anali atapalidwa bwinobwino, mwaluso, kutsala guluu yekha. Zivindikiro zinali zopakidwa penti: ziwiri zoyera, zitatu zachikasu, chimodzi chofiira.

Amuna anayi anali atakhala pa makreti, aliyense akuyamwa paketi yake ya mkaka.

"Alamu, mwabwera kudzatiyeza masuti?" mmodzi anafunsa.

"Ayeze basi," anatero mnzake. "Suti timavala kamodzi ife, tili chigonere."

Anaseka onse, koma osati kwambiri.

Msomali womalizira unalibe pampu. Pansi pake panali jombo zazikulu, zodzaza fumbi. Sizasi anazizindikira. Zinali za Wamtali, mnzake wa Nsikidzi, amene anamwalira chaka chatha nyengo ngati yomweyi. Anthu ankati anali malungo. Diresi yakuda ya mkazi wake anasoka ndi Sizasi yemwe, ndipo ankakumbukira zimene mkaziyo ananena manja ali m'mwamba, tepi ili m'chiuno. Anati mwamuna wake anasanza masiku awiri, koma tsiku lachitatu anachira. Anadya, anaseka, anapempha wailesi. Chimene ankadandaula n'chakuti mutu unkamulemera, sunkadzuka papilo. Tsiku lachinayi anangosiya kupuma, ngati munthu woiwala.

Nthawi imeneyo Sizasi anangoti pepani, mapini ali pakamwa.

"Alamu, mwatiyendera." A Kapitawo anali atatuluka mu ofesi, akupukuta manja ndi kansalu koyera. "Mkaka watha kale?"

"Ndikufuna dzina la mankhwala ofiira aja."

"Aa, dzina lake n'lachilendo, lingakuthyoleni lilime. Ngakhale ine sindilitha."

"Mundilembere."

"Mukapite nalo kuti?"

A Kapitawo anapita pakhoma, n'kusolola kanthu m'thumba la ovololo ina. Kanali kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno, kamaluwa obiriwira, kazingwe ziwiri. Sizasi anakadziwa asanakaone bwino. Zotseka pakamwa zenizeni, za mphira zija, zitatha miyezi isanu ndi itatu yapitayo, Nsikidzi anamupempha kuti awasokere zongogwirizira. Anasoka khumi ndi ziwiri kuchokera ku zidutswa zotsala pa madiresi a anthu, napinda nsalu katatu kuti zikhale zochindikala. Anachita kunyadira msoko wake.

"Ntchito yabwino iyi," a Kapitawo anatero, akuyendetsa chala mumsoko. "Anyamata amaikonda. Kungoti anthu a mapepala aja akabwera amafunsa chilichonse. Adzafuna kudziwa amene anatipangira zimenezi, ndiponso ngati ali ndi chilolezo. Ine sindidziwa kunama, alamu. Ndipo amayi aja a mnzathu, ndaona ngati ali kale ndi mafunso awo."

Anakapinda kansaluko bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya awo.

"Mupereke moni kwa wodwala. Ndidzera mawa."

Pobwerera Sizasi anagula nthochi ziwiri ndi buledi. Wogulitsayo anachita kumuitana kuti waiwala nthochi zake patebulo.

Kunyumba anapeza kusanza kutayamba kutalikirana. Pofika madzulo Nsikidzi anali atasunga masupuni makumi awiri, ndipo malovu anali atachepa. Kutacha anamwa theka la kapu ya madzi a mpunga, pang'onopang'ono, ndipo beseni linakhala louma. Sizasi anawamba kagawo ka buledi mpaka kuuma, anakabenthula tizidutswa ngati ta nkhunda. Tizidutswato tinakhala m'mimba. Chakumasana anakanya theka la nthochi ndi foloko, ndipo pamene ankati alawe kaye, apongozi anamugwira dzanja.

"Siyani, mwana wanga. Mupatseni yekha."

Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mawu amenewo anabwera chifukwa cha nthochi.

Nsikidzi anadya. Mtundu unali utabwerera pankhope pake. Anati akufuna kumeta ndevu, chifukwa akuoneka ngati mkaidi. Anafunsanso ngati m'nyumbamo mwatsala nyemba zija, kapena amayi anazitumiza kupolisi. Apongozi anaseka mpaka kubisa nkhope m'mpango. A Dokotala, amene anali atakwera kudzazonda, sanaseke. Anakhala pampando wa makina, maso ali pachifuwa cha wodwalayo.

A Kapitawo anafika ndi katoni ina. Ataona mbale yopanda kanthu anaomba m'manja kamodzi.

"Ndinanena ine. Mkaka sunama. Lolemba tikuonana, Nsikidzi, pampu yako ikukusowa."

Palibe amene anawauza kuti mapaketi khumi ndi limodzi anali pansi pa bedi osatsegula.

Sizasi anatunga supuni ya madzi aja kuti atsitsire nthochi. Apa m'pamene anazindikira pamene panali dzanja lake lamanzere. Linali pansi pa mutu wa mwamuna wake. Linali pamenepo kuyambira m'mawa, pa supuni iliyonse, likudzutsa mutuwo n'kuubwezera, ndipo iye sanaganizepo kanthu. Dzulo, ngakhale kusanza kunali pachimake, Nsikidzi ankadzutsa yekha mutu kufuna beseni.

Anasolola dzanjalo pang'onopang'ono. Anaimika supuni m'mwamba, patali pang'ono ndi pakamwa.

"Bambo, dzutsani mutu mumwe."

"Bweretsani kuno, mayi. Mwayamba nkhanza?"

"Dzutsani."

Nsikidzi anayesa. Mitsempha ya m'khosi inaonekera, chibwano chinanjenjemera, mapewa anasuntha pang'ono. Mutu unakhala pomwepo papilo. Anayesanso. Kenako anaseka.

"Pilo ameneyu akukoma," anatero. "Komanso mutu wa munthu wanzeru," anaima kuti apume, "umalemera."

Mawu ochepa amenewo anafuna mpweya kawiri. Sizasi anayang'ana a Dokotala. A Dokotala anali ataimirira kale.

Sizasi anabwezera supuni m'kapu mosamala, kuti isalire.

"Tikupita kuchipatala," anatero.

"Munthu wachira kale?" apongozi anadabwa. "Wadya nthochi, inu mukuona."

Sizasi anadikira kuti mwamuna wake akane ngati dzulo. Nsikidzi sanakane. Anali kuyang'ana kudenga, ndipo kumwetulira kuja kunali kukadali pamilomo ngati chovala chimene mwini wake wachisiya. Naye ankamudziwa Wamtali. Anali nawo ponyamula bokosi lake.

A Kapitawo anayang'ana nkhope zonse imodziimodzi. Kenako anatulutsa makiyi m'thumba, n'kuwaliza pang'ono.

"Chabwino, alamu. Inu ndinu mwini munthu, ine ndingakane bwanji? Galimoto ya kuntchito ili pansipa, ndimutenga ndine. Kungoti tiyambe tadzera kwa dokotala wathu, amene timadziwana naye, amuone kaye. Ndi patali pang'ono, koma alibe mzere, alibenso mafunso. Akati tipitirire, tipitirira. Palibe chothamangira. Inu mukhoza kutsala mupume, mwatopa. Ndipita ndi amayi."

"Mulungu akudalitseni, bambo," apongozi anatero, akufufuza nsapato zawo pansi pa bedi. "Anthu ngati inu ndi osowa."

Sizasi anatuluka pakhonde. Pamakina panali nsalu ya makatani ya mayi wina, mamita anayi, yolimba, yosadula. Anaifunyulula, anaipinda pawiri m'litali, n'kubwerera nayo m'chipinda. Anavula nsapato zake zazidendene. Mwamuna wake sanali wonenepa chiyambire, ndipo masiku awiriwa anali atamupepula. Masitepe analipo makumi awiri ndi anayi, kenako msewu, kenako msika.

"A Dokotala, mumukhazike tsonga. Mugwire mutu usagwere kumbuyo."

Anagwada pafupi ndi bedi, n'kupereka msana.

"Alamu, mukutani kodi?" a Kapitawo anafunsa, mawu akadali ofewa. "Ndati galimoto ili pansipa."

Sizasi analuma nsonga imodzi ya nsaluyo, ina anaiponyera a Dokotala, kenako anaichotsa pakamwa kuti amveke bwino.

"Galimoto yanu sakwera," anatero. "Ndimubereka."